Kaundula wa penshoni si ntchito yozengereza

Mabwana ambiri amaganiza kuti akadula ndalama ya penshoni pa malipiro a wantchito n'kuitumiza, basi amaliza. Ine ndikukana. Udindo wina waukulu ndi kulemba n'kusunga: munthuyu analowa ntchito liti, amalandira zingati, anadulidwa zingati, kampani inaonjezerapo zingati, ndalamayo inachoka tsiku liti, komanso analembetsa ndani kuti adzalandire iye akatisiya.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti lamulo la penshoni likasintha, limafuna umboni wa zaka zam'mbuyo. Ku America, lamulo la SECURE Act la 2019 linati munthu wogwira ntchito maola ochepa, bola akwanitse maola 500 pachaka kwa zaka zitatu zotsatizana, aloledwe kusunga nawo ndalama mu ndondomeko ya penshoni ya kuntchito yotchedwa 401(k). Mu 2022 lamulo la SECURE 2.0 linachepetsa zakazo kukhala ziwiri. Nanga kampani imene sinkalemba maola a anthu otere, poti inkawaona ngati aganyu, idziwa bwanji amene akuyenera kulowa? Idzangoganizira, ndipo woluza ndi wantchito.

Za ku South Africa ndiye zimandipweteka mtima kwambiri. Pa 1 September 2024 anayamba ndondomeko ya two-pot, yolola munthu kutapako gawo la penshoni yake kamodzi pachaka asanapume pantchito. Anthu atathamangira kukatapa, ena anapeza kuti ndalama zimene ankadulidwa mwezi ndi mwezi sizinafike ku thumba la penshoni, ndipo ambiri mwa odandaula anali alonda. Chonsecho lamulo lawo limati ndalamazo zifike pasanathe masiku 7 mwezi ukatha. Bungwe la FSCA, loyang'anira makampani a zachuma m'dzikolo, lakhala likutulutsa poyera mayina a mabwana osalipira. Pa payslip pankaoneka kuti zadulidwa, koma panalibe ankayerekezera pepalalo ndi zimene zafika kuthumba. Chikanakhala kuti lamulo silinasinthe, ena akanadzazindikira atakalamba kale.

Sikuti nthawi zonse ndi kuba. Nthawi zambiri ndi kulekerera. Wolemba malipiro wasiya ntchito ndipo zonse zinali mu laputopu yake. Kampani yasintha pulogalamu ya malipiro, zakale sizinasamutsidwe. Tsiku lobadwa lili lina pachitupa, lina mufayilo. Kenako mayi wamasiye afika pawindo ndi chikalata cha imfa ya amuna ake, n'kuuzidwa kuti fomu yosonyeza olandira sikuoneka, abwerenso mwezi wamawa. Ana kunyumba akudikira.

Ku Britain, kumene mabwana anayamba kukakamizidwa kulembetsa antchito awo pa penshoni mu 2012, zambiri mwa zolembazi zimayenera kusungidwa zaka 6, ndipo kalata ya wantchito wokana kulowa isungidwe zaka 4. Kwa ine zaka zimenezi ndi poyambira chabe. Munthu wolowa ntchito ali ndi zaka 25 adzafunsa za ndalama yake tsitsi litachita imvi. Mabwana, sungani zolemba zake mpaka walipidwa zonse, ndipo musunge malo awiri osiyana.

Ndikudziwa kuti bizinesi yaing'ono ilibe loya woiwerengera lamulo lililonse latsopano. Apa oyang'anira penshoni ali ndi mbali yawo: azilengeza kusintha nthawi ikadalipo, m'chilankhulo chomveka kwa aliyense. Komabe kuchepa kwa bizinesi sikulepheretsa bwana kusankha munthu mmodzi woti mwezi uliwonse aziyerekezera zodulidwa ndi risiti yochokera kuthumba, n'kusainira.

Inu antchito anzanga, musataye ma payslip anu. Kamodzi pachaka pemphani sitetimenti ya penshoni yanu, muone ngati miyezi yonse ilipo. Mukapeza wina ukusowa, funsani polemba kalata, osati pakamwa pokha, ndipo kope la kalatayo musunge kunyumba.