Mmisiri ndine, bambo

Ndili ndi kashopu kokonza makompyuta ndi mafoni kufupi ndi msika waukulu wa Zomba. Dzulo kunabwera bambo ena a ku Matawale, laputopu ili m'khwapa. Ndikuwalonjera, iwo maso ali kuseri kwa kauntala: "Achemwali, amisiri atuluka?" Ndinati mmisiri ndine, bambo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti abweranso mawa.

Zimandiwawa zedi. Zaka 4 ndinali pa Chanco kuphunzira za kompyuta, kugona ku Chikanda, kuwerengera kandulo magetsi akazima. Lero mnyamata amene ndikumuphunzitsa kugwira sikuludiraiva ndiye bwana, ine amandiyesa wolandira ndalama.

Ndiye anthu azifunsa kuti atsikana tinali nawo m'kalasi aja anathera kuti? Anatopa! Mnzanga wina, katswiri wolemba mapulogalamu, atabwerako kutchuthi cha uchembere anapeza ntchito yake atapatsa wina, iye n'kumamutuma kuwiritsa tiyi wa pamsonkhano. Pano akugulitsa kaunjika.

Bambo aja abweradi m'mawa uno, kwina zitakanika. Linali batire lofufuma, likukankha kiyibodi. Ndalisintha iwo akuonerera, koma potuluka athokoza mnyamata uja.