Gulayinda ayi, abale, galimoto yamoyo musaidule

Zandinyansa. Ndaonera kanema wina pa Facebook usiku wathawu ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Mkulu wina waima pambali pa Datsun 240Z ya 1972, penti ikadali yomwe inachoka nayo ku fakitale, mipando yosang'ambika, mwiniwakeyo n'kumaunika ndi tochi kunsi kwake kuti tonse tione kuti dzimbiri mulibe olo pang'ono. Akunyadira. Kenaka watenga choko, walemba mzere pamwamba pa tayala lakumbuyo, wayatsa gulayinda, wayamba kudula. Moto uli thethethe, anzake akuomba m'manja. Chidutswa chagwa, wachikankhira kumbali ndi phazi. Akuti akufuna matayala otambalala alowe, injini ijanso aizula aikemo V8.

Galimoto yabwinobwino! Yatha zaka zoposa 50 osaola, lero yapunduka m'manja mwa munthu amene akuti amaikonda. Chikondi chanji chimenechi?

Wina asathamangire kunena kuti ndimadana ndi zoika zipangizo zamakono m'galimoto zakale. Ndimazikonda kwambiri. 240Z inabwera ndi mabuleki a dramu kumbuyo, ikani a disiki. Mapoyinti akukuvutani kusintha pafupipafupi, ikani zoyatsira zamakono, m'mawa izingolira kamodzi. Radiyeta yatopa, mangani ya aluminiyamu. Giyabokosi ya magiya 4 ikupangitsa injini kukuwa pamsewu waukulu, ya magiya 5 ya mu 280ZX imamangika pa injini yomweyo. Mashoko, mabushi, mawaya, malamba, nyale zowala bwino, sinthani zonsezo, palibe angakuletseni. Galimoto iziima bwino, izikhota bwino, musamachite mantha kuyenda nayo ulendo wautali. Koma taonani, yonseyi ndi ntchito ya sipanala. Chomwe mwamanga ndi bawuti mawa chimasulidwa ndi bawuti, chakale chija mwachisunga pashelefu chibwerera pamalo pake. Nanga chomwe mwadula ndi gulayinda chibwerera bwanji? Madzi akatayika saoleka.

Komanso pamene wadulapo mkulu uja si pachidutswa chongomangirira. Madigadi akutsogolo a 240Z amamasuka ndi mabawuti, koma kumbuyo kuja lata lake ndi lowotchereredwa ku thupi la galimoto, ndipo thupi lomwelo ndilo chasisi. Pamkombero wa tayala pamakumana malata awiri, lakunja ndi lamkati. Ukachekapo umawalekanitsa, pamatsala mpata woti madzi ndi matope azilowa. Mu kanema uja sindinaone wina akuwotcherera mpatawo. Angovindikirapo pulasitiki, n'kuboola mabowo a masikuluwu pa penti ya ku fakitale. Dzimbiri limene linalephera kulowa zaka zonsezi, alitsegulira okha chitseko.

Nissan inatulutsa galimoto imeneyi mu 1969 ndipo inasiya kuipanga mu 1973. Yatsopano sidzatulukanso. Zambiri zinadyedwa ndi dzimbiri pansi popondapo, m'mitanda ya kunsi ndi pamene pamakhala batire, aliyense wodziwa galimoto zimenezi amayambira kuyang'ana pamenepo. Ndiye ikapezeka imodzi yopulumuka, yosaola, yosawotchereredwa, injini yake nambala ikugwirizana ndi kachitsulo ka ku fakitale, imeneyo ndiyo yoti tiitengere gulayinda? Mu 2020 ina ya 1971 yosungidwa bwino inagulidwa $310,000 pamsika wa pa intaneti ku America. Za ndalamazo zilibe kanthu kwa ine, koma zikuonetsa kuti zamoyo zatsala zochepa. Ndipo injini imene akuti ndi yofookayo, ya malita 2.4, masilinda 6 ondondozana, ndi ya mtundu womwewo umene unapambana East African Safari Rally mu 1971 ndi mu 1973, m'fumbi ndi m'matope a misewu yoswa galimoto. Lero munthu akuigubuduzira pakona ya galaja osaiphimba n'komwe.

Mukufuna kudula? Dulani zoola. Zilipo mbwee, zina zamera udzu m'kati, zina zinagundidwa, zina injini inapita kalekale. Tengani imeneyo. Mudule, muwotcherere, mutambasule madigadi mmene mtima wanu ukufunira, muikemo V8 kapena mota yamagetsi, ine ndikhala woyamba kukuomberani m'manja, pakuti mwadzutsa chakufa. Munthu wotenga chigoba choola n'kuchibwezera pamsewu ndimamuvulira chipewa. Koma zoola sazifuna. Zoola zimafuna miyezi ndi miyezi yowotcherera, pamene yamoyo ungoyatsa gulayinda, kanema watheka, anthu akuonere. Ndi ulesi basi.

Ndikudziwa yankho lake, ndaliwerenga kale pansi pa kanemayo. Akuti ndi yake, anagula ndi ndalama zake, achite nayo zomwe akufuna. Inde ndi yake. Palibe wapolisi adzamugwire. Koma galimoto ya zaka 50 yadutsa m'manja mwa anthu amene anaisunga m'nyumba nthawi ya mvula, amene ankaipukuta kunsi, amene anakana kuiboola ngakhale kabowo ka wailesi, n'chifukwa chake yamufika ili yonse. Iye wailandira yathunthu, wotsatira aipeza yodukaduka. Kukhala yako sikusandutsa kuwononga kukhala luso. Wawononga, achimwene, wawononga basi.

Ena akuti nanga a Singer sachita zomwezo? Kampani imeneyi inayamba mu 2009 ku California, imatenga Porsche 911 ya mtundu wa 964, yopangidwa kuyambira 1989 mpaka 1994, n'kuiphwasula yonse kutsala chigoba, mbali zambiri za thupi n'kuziumbanso ndi carbon fibre. Pa mtundu wina anagwira ntchito limodzi ndi mainjiniya a Williams. Kumeneko kuli kuyeza, kuwerengera ndi kuyesa pamsewu mobwerezabwereza. Inu mwangoona chithunzi, mwatenga choko. Ndipo ngakhale pa iwowo ndinena, 964 iliyonse yasinthidwa ndiye kuti zoyambirira zachepa ndi imodzi. Mwini wake akapereka yotopa, chabwino. Akapereka yamoyo, mtima umandiwawa chimodzimodzi.

Taonani zimene anachita a Jaguar eniake. Mu 2017 anaonetsa E-type Zero, E-type yakale yoyendera magetsi. Batire ndi mota anazikonza kuti zikhale pamalo pomwe panali injini ndi giyabokosi, kuti wofuna kubwezera zakale adzathe kutero. Opanga galimotoyo anaopa kuidula. Bungwe la FIVA, loona za galimoto zakale padziko lonse, mu 2019 linanena kuti galimoto yakale yosinthidwa kukhala yamagetsi siliiwerenganso ngati yambiri yakale, ndipo linalangiza kuti wosintha asinthe moti n'kubwezereka, zipangizo zoyambirira azilembe chizindikiro n'kuzisunga bwino. Akuluakulu onsewa akunena chinthu chimodzi chomwechi, siyani njira yobwerera. Inu ndi gulayinda wanu mwaposa onsewa nzeru?

Sinthani ndi sipanala. Chimene simungathe kubwezera, musachichite pa galimoto yamoyo. Mawa fashoni ya madigadi otambalalayi idzatha, mudzafuna ija yoyamba, mudzaipeza kuti? Lata latsopano mungagule, wowotcherera waluso mungamupeze, koma penti ya ku fakitale ndi msoko wa ku fakitale sizigulitsidwa pena paliponse. Saoleka madzi amenewa.

Ndipo poti ndayamba kale, inunso ogulitsa amene mumalemba kuti galimoto yakonzedwanso yonse, pamene mwangomata fila pamwamba pa dzimbiri n'kupopera penti yonyezimira, mukutinyansa. Kunja kuli waliwali, mawilo atsopano, mipando yachikopa, sikirini padashibodi, koma munthu akagogoda pansi pa chitseko pakumveka phuphuphu. Mwawonjezera mphamvu ya injini kuwirikiza, mabuleki mwasiya omwe aja, mitanda ya kunsi yoola mwaipaka phula kuti isaoneke. Mukufuna kupha ndani? Wogula aliyense azipita ndi maginito m'thumba, aziyendetsa m'mphepete mwa madigadi ndi m'munsi mwa zitseko, pamene akana kumata afunse kuti pamenepo pali chiyani. Ndipo funsani zithunzi za galimotoyo ili chitsulo chokhachokha isanapakidwe penti. Akayamba kuzungulirazungulira, nyamukani.