Bonasi ya Nambala 9

Kwa Mpondasi kuli bwana wina wa mabwato atatu a injini, shopu ya hadiweya ndi timu ya mpira yomwe chaka chilichonse imalumbira kuti ikulowa mu Super League. Dzina sititchula, ena mwa inu muli naye ngongole ya simenti. Ndi Lolemba m'mawa, dzulo timu yagonja 2-1 pakhomo pomwe. Bwana ali pakhonde la shopu akumwa tiyi. Kochi watulukira, chipewa chili m'manja.

BWANA: Akochi, khalani. Ayi, osati pampando. Pampando amakhala owina. Pali ndowa apo.

KOCHI: (akukhala pa ndowa) Zikomo bwana.

BWANA: Jezi ndinagula. Nsapato ndinagula. Machungwa a pa nthawi yopumulira ndinagula. Tagonja bwanji kwa anthu obwera pa lole ya mchenga?

KOCHI: Mpira munaonera nokha, bwana.

BWANA: Ine ndinaona chigoli cha mwana wathu, Nambala 9. Chigoli chija, akochi! Chinandikumbutsa Gabadinho ku Cameroon mu 2022, atawomba ali kutali, goloboyi wa Morocco n'kungouperekeza ndi maso.

KOCHI: Tsiku limene lija tinagonjanso 2-1.

BWANA: Sindinakufunseni zimenezo.

KOCHI: Ndiye ndikuuzeni zimene munandifunsa. Chigamu choyamba, goloboyi wawo wagwa, Nambala 7 ali yekhayekha, golo ili yasaa. Mnyamata wanu wamuyang'ana mnzakeyo, wamumwetulira, kenako wawomba yekha. Mpira anakautola ana kuseri kwa mpanda, ndipo sanabweze. Chigamu chachiwiri wadyetsa njomba anthu atatu, m'malo mopatsira wabwerera m'mbuyo kukamudyetsanso woyamba uja.

BWANA: Masapota anakuwa.

KOCHI: Anakuwa, eya. Ndiye penate. Womenya penate ndi kaputeni, ndinalengeza Lachisanu onse akumva. Iye walanda mpira, waulowetsa m'jezi, wakhala pansi. Oyimbira mpaka anafunsa ngati tili ndi mpira wina.

BWANA: Nanga si anamenya?

KOCHI: Anamenya mayi wogulitsa zitumbuwa.

BWANA: (akuganiza) Ndiye chifukwa chake anabwera kuno m'mamawa kudzalipiritsa beseni. Koma akochi, akatswiri ndi choncho. Ku Ulaya samakanganirana penate?

KOCHI: Amakanganirana. Mu 2017 Neymar ndi Cavani anakanganirana mpira dziko lonse likuona. Neymar ameneyo timu ya PSG ya ku France inali itangomugula ndi ma euro 222 miliyoni.

BWANA: Mu kwacha ndi zingati?

KOCHI: Ndinayesa pa foni, manambala sanakwane. Koma taonani. Anasonkhanitsa Neymar, Mbappé ndi Messi mu timu imodzi, Champions League osaiona. Atachoka onse atatu, mu 2025 ndi pamene anaitenga, Inter Milan anaithira 5-0 mu fainolo.

BWANA: Ndiye mukuti ndithamangitse amene amagoletsa, nditsale ndi amene sagoletsa, kenako tiwine 5-0?

KOCHI: Ndikuti mumuike pa benchi masewero awiri okha.

BWANA: Benchi? Inu simundidziwa. Ine ndine Ferguson wa kunyanja kuno. Beckham anayamba kudzimva, Ferguson anakankha nsapato mu chipinda chovalira, inakamugunda pamwamba pa diso. Chaka chomwecho cha 2003 anamugulitsa ku Real Madrid. Mnyamatayu akafika pano muona.

KOCHI: Ferguson anali kochi, bwana. Ndipo sindinamvepo kuti mwini timu ankamuimbira foni mpira uli mkati kuti asatulutse mwana wa mlongo wake.

BWANA: Ndinkangofunsa nthawi.

(Kabaza waima kutsogolo kwa shopu. Watsika Nambala 9: magalasi akuda, mahedifoni m'khosi, tsitsi lopaka utoto mbali imodzi chifukwa ndalama inathera pakati. Anamuitana 7 koloko. Nthawi ili 10.)

NAMBALA 9: Amalume, mwadzuka? Mumulipire wa kabazayu, ndilibe zosintha. Akochi, bho?

BWANA: Iwe, ndinati nthawi yanji?

NAMBALA 9: Thupi la katswiri limafuna tulo, amalume.

KOCHI: Aubameyang anali kaputeni wa Arsenal. Anachedwa kubwera ku ulendo, kochi Arteta anamulanda ukaputeni mu Disembala 2021.

NAMBALA 9: Kenako anapita kuti?

KOCHI: Ku Barcelona.

NAMBALA 9: Mwaona, amalume? Kuchedwa kumapindulitsa.

BWANA: Khala chete! Dzulo bwanji sunamupatsire mnzako, golo ili poyera?

NAMBALA 9: Ndinamuona.

BWANA: Ndiye?

NAMBALA 9: Ndinawerengera. Ndikagoletsa ine, mumandipatsa K20,000. Akagoletsa iye, K20,000 ndi yake, ine amandikumbatira. Amalume, kukumbatira kumagula bandulo?

(Chete. Kochi akuyang'ana denga. Nkhaniyi wakhala akuinena kuyambira ligi isanayambe, koma mawu a munthu wokhala pa ndowa safika patali.)

BWANA: Akochi, wopatsira timamupatsa zingati?

KOCHI: Palibe.

BWANA: Otchinga kumbuyo?

KOCHI: Tikawina, Fanta.

BWANA: Nanga goloboyi?

KOCHI: Uja munamupatsa magolovesi a mu shopu muno, onyamulira simenti. Onse awiri ndi a dzanja lamanja.

BWANA: Komabe pali nzeru pamenepo. Kunyanja siginala amalandira zambiri kuposa alovi, chifukwa ndi iye amaitana usipa ndi nyali. Palibe amadandaula.

KOCHI: Zoona bwana. Koma siginala akaitana usipa salumphira m'madzi kuti augwire yekha ndi manja. Amasiya anzake akoke ukonde wa chilimira.

NAMBALA 9: Ine za nsomba sindidziwa, ine ndi pulofeshonale. Ndipo poti takumana, ndili ndi zofuna zanga. Mu minibasi mpando wakutsogolo ukhale wanga, akochi azikhala kumbuyo ndi mipira. Ma penate onse anga. Ma kona ndizimenya ine.

KOCHI: Nanga wogoletsa ndi mutu pa kona yakoyo?

NAMBALA 9: Ndizithamanga.

BWANA: Wamva iwe, Loweruka ukhala pa benchi!

NAMBALA 9: Chabwino. Ndikawauza amayi.

BWANA: Amayi ako akubwera bwanji mu nkhani za mpira?

NAMBALA 9: Anati mukadzandivuta ndidzangowakumbutsa za malo amene pali shopuyi.

BWANA: (akutsokomola, tiyi walowa kolakwika) Akochi, benchi ija ndi yothyoka kale, mwana angavulale. Tipeze njira ina. Ndaganiza. Kuyambira lero chigoli chilibe bonasi. K20,000 izipita kwa wopatsira. Tione ngati sapatsirana.

KOCHI: Bwana, mwina tigawe pakati, kapena bonasi izibwera timu yonse ikawina...

BWANA: Timu yonse? Anthu 11 kuphatikiza a pa benchi? Mukufuna ndigulitse injini? Ndalamula. Pérez, pulezidenti wa Real Madrid, safunsa munthu.

KOCHI: Mwayamba Ferguson, pano ndinu Pérez.

BWANA: Ndakwezedwa.

LOLEMBA LINA. Khonde lomwelo. Masewero athera 0-0. Kochi wafika ndi ndowa yakeyake.

BWANA: Akochi, ndifotokozereni zimene ndinaona, chifukwa mwina ndi malungo.

KOCHI: Simalungo, bwana. Mphindi ya 12, Nambala 9 wadutsa onse, wadutsa ndi goloboyi yemwe. Watsala ndi ukonde basi. Waima. Wayamba kuitana Nambala 7 ndi dzanja.

BWANA: Ndinaimirira kuti ndikuwe.

KOCHI: Nambala 7 wafika, walandira, wamubwezera. "Menya iwe." "Ayi, menya ndiwe akulu." "Iwe ndi amene uli pabwino." "Mwendo ukundipweteka." Anapatsirana kasanu ndi kawiri pa mzere wa golo. Wotchinga kumbuyo wawo anamanga kaye chingwe cha nsapato, kenako anabwera kudzautenga.

BWANA: Ndipo penate ija?

KOCHI: Palibe anafuna kumenya. Penate ilibe wopatsira. Anakankhirana mpaka anamenya goloboyi wathu.

BWANA: Wa magolovesi uja? Anaphonya bwanji?

KOCHI: Anapatsira.

(Nambala 9 walowa, lero pa nthawi yake, chifukwa wabwera kudzatenga ndalama.)

NAMBALA 9: Amalume, ndinapatsira ka 41. Ndawerengera pa K20,000, mukhoza kungonditumizira pa Mpamba.

BWANA: Ndinati kupatsira kobala chigoli!

NAMBALA 9: Ine ndinapatsira. Kubala ndi nkhani ya Nambala 7.

BWANA: Wallahi mwana uyu andipha. Akochi, tigulitse. Amayi ake ndikalankhula nawo ndekha, bola ndipite ndi chambo chachikulu. Ronaldo weniweniyo, atanyoza timu yake pa TV mu Novembala 2022, Manchester United inang'amba kontirakiti sabata yotsatira. Ndiye uyu ndani?

NAMBALA 9: Ronaldo anapita ku Al Nassr kukalandira zambiri. Ine ndakonzeka. Bola ikhale Bullets kapena Wanderers, za ku Lilongwe kumazizira.

(Foni ya bwana yalira. Nambala yachilendo. Bwana waimirira, wakonza kolala ngati woimbayo akumuona.)

BWANA: Halo? Eya, ndine pulezidenti. Mukuimba kuchokera ku Blantyre? (akutseka foni ndi dzanja) Akochi, timu ya Super League! Akuti anatumiza munthu kudzaonera masewero athu awiri. (pa foni) Eya, mnyamatayo ali pompano. Zigoli 14 chaka chino. Mtengo wake ndi wokwera, koma tikambirana... Pepani, mwati nambala chani?

NAMBALA 9: Auzeni ndikufuna nyumba ku Namiwawa.

BWANA: (pa foni) Sikisi? Mukutanthauza naini. Mwina munaiona chadodolido, amakonda kudumpha akagoletsa... Ayi? Sikisi yeniyeni? Dikirani. (kwa kochi) Tili ndi Nambala 6 ife?

KOCHI: Tili naye. Wa ku Makanjira uja, wamfupi, wosalankhula.

BWANA: Uja amandinyamulira mpando ku bwalo? Ine ndimayesa ndi wochapa jezi!

KOCHI: Amachapanso, poti wochapa munamuchotsa. Koma ndi iye amalanda mipira yonse pakati. Pa zigoli 14 za mwana wanuyu, 11 mpira unachokera kwa iye. Chaka chonse sanatulukepo m'bwalo, khadi alibe, ndipo malipiro ake muli nawo a miyezi itatu.

BWANA: Bwanji sanadandaule?

KOCHI: Anabwera kawiri. Ulendo woyamba munamutuma kukatsitsa malata. Wachiwiri munamupatsa ndowa ya usipa kuti akapereke kwa amayi a Nambala 9.

BWANA: (pa foni, mawu asintha) Bwana, ameneyo sagulitsidwa. Ndi mwana wa pakhomo, timamukonda kwambiri. Dzina lake? Dzina lake ndi... (akuyang'ana kochi, kochi akuyang'ana msewu) ...timangomutchula mwachikondi kuti Sikisi. Koma ndili ndi Naini pano, ndikupatsani motchipa. Ndiwonjezera ndi matumba awiri a simenti. Halo? Halo?

NAMBALA 9: Netiweki imeneyo. Aimbanso.

KOCHI: Poti ndinu Pérez, bwana, ndikuuzeni za mnzanuyo. Anagula Figo, Zidane, Ronaldo wa ku Brazil ndi Beckham, chaka chilichonse nyenyezi imodzi. Makélélé, amene ankawathamangira onsewo pakati, atapempha kuti amuwonjezere malipiro, anamukaniza, n'kumugulitsa ku Chelsea mu 2003. Ligi a Real Madrid anadzaionanso mu 2007, Pérez atatula kale pansi udindo mu 2006.

BWANA: Ine situla pansi, timu ndi yanga. Pitani mukamuitane Sikisi. Mumuuze kuti malipiro ake ndimupatsa lero, mwezi umodzi, inayo tikambirana. Mumuuzenso kuti kuyambira lero ndi kaputeni. Ndipo mpando ndizinyamula ndekha.

KOCHI: Kontirakiti yake inatha mwezi watha, bwana. Ndinakubweretserani pepala kuti musaine, munakulungira misomali ya kasitomala.

BWANA: Ndiye ali kuti pano?

KOCHI: Ndakumana naye m'mawa uno akuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi ndi chikwama. Amafunsa minibasi ya ku Limbe.

NAMBALA 9: (akuvula magalasi koyamba) Dikirani kaye. Ndiye ine mpira azindipatsa ndani?

KOCHI: Uzidzipatsira. Unati uzithamanga.

BWANA: (akuvala nsapato mosinthanitsa) Kabaza! Kabaza! Iwe, kudepoti, msanga, pali munthu ndikufuna ndimutsitse mu minibasi!

WA KABAZA: Ndikunyamulani bwana, koma tiyambe tawerengera. Maulendo a katswiri wanuyu afika 23, ndipo anati bilu ndi ya timu.

BWANA: 23? Ku tirening'i amabwera kawiri pa sabata!

WA KABAZA: Ku tirening'i sindinamupititseko ine. Awa ndi a ku saluni.