Misangu ya m'minda mwathu isathere ku makala

Anzanga a ku Salima kuno, ndi inu a ku Nkhotakota amene timamwa nanu nyanja imodzi, nkhani ya msangu ikundiwawa mumtima ndipo lero sindibisa mawu. Aliyense akudandaula kuti feteleza sakugulika, ndipo n'zoona. Pamene AIP, pulogalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, inkayamba mu 2020, wopindula ankalipira K4,495 pa thumba. Pofika 2022 anali akulipira K15,000. Amene dzina lake silinatuluke amayenera kukagula kusitolo, kumene zinthu zinathawiratu kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma m'zaka zomwezi nkhwangwa zakhala zikulira m'minda mwathu, ndipo ina mwa mitengo imene ikugwa ndi misangu, imene agogo athu ankaisiya dala pakati pa chimanga.

Agogowo sanali osadziwa. Yendani m'minda ya kuchigwa kuno m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tchire lonse litayoyoka. Mtengo umene mudzauone utabiriwira ndi msangu. Bwererani pomwepo mu Januwale, mvula ili mkati: mitengo ina yonse yavala masamba, koma msangu uli mbee, nthambi zokhazokha ngati wauma. Umathothola masamba mvula ikamayamba, nthawi yeniyeni imene mlimi akubzala. Masambawo ndi aang'onoang'ono, sachedwa kuola, ndiye chakudya chimalowa m'nthaka pamene chimanga chikuchifuna. Ndipo popeza mtengowo ulibe masamba nyengo yonse ya dzinja, dzuwa limafika pansi, chimanga sichitsamwa ndi mthunzi monga chimachitira pansi pa mango kapena bulugama.

Akatswiri a sayansi amautchula kuti Faidherbia albida, ndipo akhala akuufufuza kwa zaka makumi ambiri, kuyambira ku Senegal ndi Niger mpaka kuno kwathu. Anapeza kuti ndi wa m'gulu la nyemba, mtedza ndi nandolo, zimene mizu yake imakhala ndi timatuza tosunga tizilombo tokoka nayitirojeni mumpweya, chakudya chomwechi chimene timachigula m'thumba la yureya. Ku Burkina Faso anayeza kumene mtengowu umatunga madzi, napeza kuti mizu yake imamira pansi kwambiri, kumene mizu ya chimanga singafike, ndiye n'chifukwa chake umabiriwira m'chilimwe popanda kulimbirana chinyezi ndi mbewu. Ku Zambia, mu 2008, a bungwe la zaulimi la Conservation Farming Unit anayeza chimanga chosathira feteleza. Pansi pa misangu anapeza matani 4.1 pa hekitala, pamene kunja kwake, m'minda yomweyo, anapeza matani 1.3. Tikawerengera m'matumba a makilogalamu 50 amene tinazolowera, ndi matumba 82 kuyerekeza ndi 26. Werenganinso manambala amenewo.

Pali funso limene ofufuza ena ku Niger anafunsa, ndipo ine ndimalilemekeza: kodi ndi mtengo umene umabweretsa chonde, kapena mtengowo umangomera ndi kukula bwino pamalo pamene panali kale chonde, monga pa chulu chakale? Anapeza kuti m'malo ena zimenezi zimachitikadi. Onjezaninso kuti ng'ombe ndi mbuzi zimagona mumthunzi wake m'chilimwe, zikudya nyemba zake zofiirira zopotana zija, n'kusiya ndowe pomwepo. Choncho chonde cha pansi pa msangu chili ndi magwero angapo, si masamba okha. Kwa ine zimenezi sizichepetsa mtengowu ngakhale pang'ono. Ukaudula, masamba atha, mthunzi watha, ziweto zasiya kubwera, ndipo pakapita zaka kaufiti amene amakonda nthaka yoguga ayamba kuonekera pamene kale pankatuluka zisononkho zikuluzikulu.

Ndinene chilungamo kuti wina asadzanditukwane m'tsogolo: msangu suthamanga. Ukabzala lero sudzakolola phindu lake chaka chamawa. Pamafunika zaka khumi kapena kuposerapo kuti nthambi zitambalale ndi kugwetsa masamba okwanira. Uli ndi minga, ndipo ukadali waung'ono umavuta polima. Sumaperekanso zonse zimene chimanga chimafuna, moti amene angathe kupeza kafeteleza pang'ono athirebe. Podikira zaka zimenezo pali zina zofulumira. Nandolo wobzala pakati pa chimanga amathandiza nthaka msanga komanso amapereka ndiwo. Gliricidia, mtengo wina wa m'gulu la nyemba, amene anayamba kuyesedwa ndi chimanga ku Makoka ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayamba kuonetsa phindu pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, bola uzimusadza ndi kukwirira masamba ake. Koma kuchedwa kwa msangu ndiye chifukwa chenicheni chimene mtima umandipwetekera ndikaona waukulu utagwa. Zaka makumi atatu kapena anayi za ntchito ya mtengo zimathera mu uvuni umodzi, ndalama yake n'kutha sabata yomweyo. N'chimodzimodzi kukazinga mbewu imene unasunga kuti udzabzale.

Sindikunyoza munthu wootcha makala. Ambiri ndi abale athu amene chimanga chinawapserera m'munda ndi ng'amba ya El Niño, ija inachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Njala ilibe manyazi. Ndipo makalawo sathera m'midzi. Amakwera msewu wa Salima kupita ku Lilongwe, kukaphikira anthu a m'tauni omwe amalemba pa Facebook kuti anthu akumudzi akuwononga chilengedwe. Asodzi nawonso amafuna thunthu lalikulu losemera bwato, amayi akufuna mtondo. Zonsezi ndi zosowa zenizeni. Chimene ndikukana ndi chakuti mtengo umene ukudyetsa munda ndiwo ukhale woyamba kugwa.

Tsopano pamene ndikuona kuti tikusochera monga dziko. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timakhala ndi nyengo yobzala mitengo. Akuluakulu amabwera, amagwira khasu, zithunzi zimajambulidwa, timamva kuti mbande zabzalidwa mamiliyoni. Pofika Seputembala, pitani mukawerenge zimene zatsala. Dziko lathu linalonjeza mu 2016 kuti pofika 2030 lidzakhala litabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga, ndipo sindikhulupirira kuti tingafike kumeneko ndi mbande za m'machubu zokha. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu, sanadalire nazale. M'chaka cha 1983, Tony Rinaudo, mlangizi wochokera ku Australia amene ankagwira ntchito m'dera la Maradi, anazindikira kuti timatchire timene alimi ankatentha chaka ndi chaka tinali mphukira za zitsa zamoyo, zokhala ndi mizu yakale yozama. Alimi anayamba kusankha mphukira zamphamvu zingapo pa chitsa, kudula zotsalazo, ndi kuzitchinjiriza. Lero akuti malo okwana mahekitala pafupifupi 5 miliyoni ali ndi mitengo pafupifupi 200 miliyoni yobwerera mwa njira imeneyi, ndipo yambiri mwa iyo ndi msangu womwewu.

Ife kuno mphukira zimenezo tili nazo. Mbuzi ikadya nyemba za msangu, njere imadutsa m'mimba, chikhungwa chake cholimba chimafewa, n'kumera pamene ndowe yagwera. Timisangu timeneti timamera tokha m'minda mwathu chaka chilichonse, ndipo ndife tomwe timatidula ndi khasu pososa, tikumati ndi minga chabe. Kamene kamera kokha kamakhala kolimba kuposa ka m'chubu, chifukwa muzu wake waukulu unalunjika pansi osapindika. Ofuna kufesa, temani njere pang'ono m'mphepete, muiviike m'madzi usiku umodzi, ndipo mbande isakhalitse m'chubu. Pakangotha masabata ochepa muzu umakhala utafika kale pansi. Ku Zambia amalangiza kubzala motalikirana mamita 10 mbali zonse, kutanthauza mitengo 100 pa hekitala, n'kudzapatulira ikakula.

Adani ake tikuwadziwa ndipo ndi a pakhomo pomwe pano. Tikangokolola, mbuzi zimamasulidwa kuti ziziyenda paliponse, ndipo kamtengo kobiriwira pakati pa munda wouma ndiko zimayambira. Kenako moto: wina akusaka mbewa, wina akutentha mapesi kuti asavutike pososa. Palinso nkhani ya malo, imene anthu saikonda kuikamba. Wobwereka munda kwa chaka chimodzi sangasamale mtengo umene adzadyerere ndi wina. Mkamwini amene sakudziwa ngati adzakalambira pamudzi wa mkazi wake nayenso amagwa ulesi. Amayi, popeza m'midzi yambiri kuno munda ndi wanu ndi ana anu, nkhani iyi ndi yanu kuposa wina aliyense. Muwauze abambo ndi aganyu kuti kamene mwazika chikhomo pambali pake asakakhudze.

Kwa akatswiri athu ndili ndi pempho. M'boma lino muli malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitala ndi ku Lifuwu, ndipo yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ndi a zofufuza za nkhalango ku Zomba si akutali. Zambiri zimene ndalemba pamwambazi zili m'mapepala a Chingerezi amene mlimi wa ku Khombedza kapena ku Tembwe sadzawaonapo. Bwerani mudzayezere m'minda ya anthu, pansi pa misangu yawo yomwe, mwini munda atagwira yekha sikelo, anzake akuona: mizere iyi ya pansi pa mtengo yatulutsa chakuti, iyi ya kunja yatulutsa chakuti. Zotsatira zake zimveke pa wailesi za m'madera m'Chichewa ndi m'Chiyao. Tikufunanso manambala athu a kuchigwa kuno, a nthaka yathu ndi kutentha kwathu, kuti ndikamalemba chonchi ndisamachite kubwereka a ku Zambia.

Ndipo inu mafumu athu, a gulupu ndi a nyakwawa, ndikupemphani mwaulemu. Mumatha kuika lamulo la tsiku lomangira mbuzi mvula ikayamba, ndipo anthu amamvera. Ikaninso lamulo lakuti msangu wa m'munda sudulidwa popanda kudziwitsa bwalo, ndi lakuti wotentha munda wa mnzake alipire. Alangizi akamabwera m'mudzi mwanu, muwaperekeze m'minda mu Okutobala, moto ndi mbuzi zitadutsa kale, akawerenge mitengo imene ili moyo, ndipo nambala imeneyo ndi imene ipite m'malipoti.