Osafulumira kukuwa kuti chozizwitsa

Akatolika anzanga tiyeni tiuzane zoona, ife timakonda zozizwitsa mopyola muyezo. Wina angotumiza kavidiyo pa WhatsApp kuti chifanizo cha Amayi Maria chikulira magazi, basi gulu lonse Amen Amen, ukangofunsa kuti zachitikira kuti, wayeza ndani, akuti ulibe chikhulupiriro. Chonsecho amene amavuta kwambiri pa nkhani zimenezi ndi Mpingo womwewo.

Taonani ku Lourdes ku France. Amayi Maria anaonekera kwa mtsikana wina dzina lake Bernadette mu 1858, ndipo kuyambira 1883 kuli ofesi ya madokotala yomwe ntchito yake ndi kuunika anthu onena kuti achira. Anthu oposa 7000 anapitako ndi nkhani zawo koma zomwe Mpingo unavomera kuti ichi nchozizwitsa zangopitirira 70 pang'ono. Amafuna mapepala akuchipatala oonetsa kuti unkadwaladi matenda aakulu, kuti unachira mwadzidzidzi, kotheratu, osati chifukwa cha mankhwala, kenako amadikira zaka kuti aone ngati matendawo sabwerera. Zoti ndinkamva mutu ndiye wasiya sizimawerengedwa kumeneko.

Mu 2015 pa parishi ina ya dayosizi ya Salt Lake City ku America hostiya (buledi wa Ukaristia) yomwe inaikidwa m'madzi inasanduka yofiira, anthu anathamangirako kuti magazi a Yesu. Dayosizi inakhazikitsa komiti, anakaiyeza, napeza kuti ndi chuku chofiira chomwe chimamera pa buledi. Chuku basi. Ndipo analengeza poyera, sanabise.

Koma imene imandiseketsa ndi ya ku Trevignano ku Italy. Mayi wina ankati chifanizo chake cha Amayi Maria chikulira magazi, akulandira mauthenga ochokera kwa Mariayo mwezi ndi mwezi, mpaka ankati pizza inachuluka yokha anthu nkudya osatha, ndipo anthu ankakhamukira pa phiri kukapemphera kolona ena akupereka ndalama zawo. Ambuye bishopu a dera limenelo anafufuza ndipo mu 2024 ananena mosapsatira kuti palibe chochokera kumwamba pamenepo. Ine chimandiwawa ndi cha amene anapereka aja, ambiri amakhala odwala kapena ali ndi mwana wodwala, munthu wotere ukamuuza chilichonse amagwira.

Chaka chomwecho mu Meyi, Vatican inatulutsa malamulo atsopano ofufuzira nkhani zoterezi, olowa m'malo mwa a 1978. Pano bishopu sangangolengeza yekha, amafufuza kenako nkutumiza ku Roma, ndipo nthawi zambiri mawu apamwamba omwe mungamve ndi nihil obstat, kutanthauza kuti palibe choletsa kukapemphera kumeneko, osati kuti tatsimikiza Maria anabweradi. Nkhani ya ku Medjugorje ku Bosnia, komwe ena anayamba kunena kuti akuona Maria mu 1981, inalandira mawu amenewa mu 2024, zaka 43 akudikira! Ngakhale Kibeho ku Rwanda inavomerezedwa mu 2001, koma mwa onse omwe ankati akuona Maria anavomera atsikana atatu okha.

Ena amati kuchedwa kumeneku nkuzimitsa Mzimu. Ine ayi sindikuvomera. Mzimu Woyera sangaope maikulosikopu, amene amaopa ndi uja wapaka magazi ake pa chifanizo. Ndipo Mpingo sukakamiza munthu kukhulupirira ngakhale nkhani ya kuonekera kwa Maria ku Fatima ku Portugal yeniyeniyo, utha kukhala mkatolika wabwinobwino osaikhulupirira, ndiye inu a pa gulupu mukundikakamiza bwanji kulemba Amen pa vidiyo yosadziwika ndi komwe anaijambula?