Msewu umodzi, makompyuta a mayiko anayi

Lole yochoka ku Johannesburg kupita ku Blantyre imadutsa zipata zitatu: Beitbridge, Nyamapanda kulowa Cuchamano, kenako Zobue kulowa Mwanza. Mukafunsa madalaivala chomwe chimawadyera masiku, satchula mtunda. Amatchula mapepala, ngakhale kuti masiku ano mapepalawo amakhala m'kompyuta.

Malawi, Zambia ndi Zimbabwe onse amagwiritsa ntchito ASYCUDA World, pulogalamu ya kasitomu yomwe inapangidwa ndi UNCTAD, nthambi ya bungwe la United Nations yoona zamalonda. Ajenti wokonza mapepala a kasitomu wozolowera ku Mwanza atapita ku Chirundu, pamalire a Zambia ndi Zimbabwe, sangasochere kwenikweni. A Mozambique anatsata njira yawoyawo, Janela Única Electrónica, ndipo zonse zimayenda m'Chipwitikizi. Lole ingodutsa chigawo cha Tete osatsitsa ngakhale katoni imodzi, komabe katunduyo alembetsedwanso mwatsopano kudzera kwa ajenti wa kumeneko, yemwe amati despachante. Naye amafuna yake.

A Zimbabwe ndiwo sakhulupirira munthu. Kuyambira mu 2017 amamangirira loko wamagetsi pa katundu wongodutsa, makamaka pa matanka a mafuta, ndipo ofesi imaona pa kompyuta pomwe galimoto ili. Ukapatuka pamsewu womwe unalembetsa, kapena kuima malo osaloledwa, chindapusa chikudikira kutsogolo. Madalaivala amadandaula, ndipo n'zomveka, pakuti munthu amatopa ndipo tayala limaphulika posayembekezera. Koma chifukwa chake n'chodziwika: mafuta olembedwa kuti akupita dziko lina ankatsitsidwa m'njira, msonkho osalipidwa.

Kwa ine, amene anaganiza bwino ndi a Zambia. Pa Chirundu, mu 2009, iwo ndi a Zimbabwe anayamba njira yoti lole iziima kamodzi kokha, maofesala a mayiko awiri n'kugwirira ntchito pansi pa denga limodzi. Mu December 2022 Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula chipata cha mtundu womwewo pa Mchinji ndi Mwami. Chomwe chinafupikitsa ulendo pamenepa si makina atsopano ayi, koma kuvomerezana kuti katundu amene mnzako wamuona kale iwe usamutsegulenso.

Pali chinthu chimodzi chomwe sichisankha dziko. Netiweki ikagwa, palibe chimayenda, kaya ndi ASYCUDA kaya Janela. Mzere wa malole umatalika mpaka kuseri kwa phiri, amayi ogulitsa nthochi malonda amawayendera, ndipo dalaivala amatulutsa mbaula n'kuyamba kuphika nsima pansi pa thirela.