Rampu yofuna anyamata atatu si rampu

Loweruka masana pa geti la paki ina m'tauni muno, bambo ena oyenda pa wilutcheya analephera kulowa. Rampu, kanjira kotsetsereka kokwerapo njinga yotereyi m'malo mwa masitepe, ilipo, yatsopano, yopaka penti yachikasu. Atayesa kukwera, timateyala takutsogolo tinadzuka, njinga nkufuna kuwagwetsa chagada. Mapeto ake anyamata atatu anawanyamula ngati thumba la chimanga, ana awo akuonerera, mlonda nkumati "mwaona, tathandizana." Tathandizana chiyani? Munthu wamkulu wabwera kudzapuma ndi banja lake, inu nkumunyamula pagulu, ndiye muzinyadira?

Rampu imene munthu sangakwere yekha si rampu. Ndi masitepe omwe aja, mwangowamata simenti.

Muyezo wake si wachinsinsi. Pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, rampu italike masentimita 12. Masitepe atatu a masentimita 15 ndi masentimita 45, ndiye kuti rampu yake ikhale mamita 5.4. Ya pa geti ija siyikwana ngakhale mamita awiri. Mmisiri anangoyang'ana kadanga komwe kanatsala pakati pa geti ndi ngalande, nkuthirapo konkireti. Malo akachepa rampu imapindidwa, kupita uku nkubwerera uku, osati kuyiimika ngati phiri la Mulanje. Ndipo kukwera nkwabwinoko, kutsika ndiye koopsa: njinga imathawa, zikhatho zimapsa pogwira mateyala, ndipo pansi pake pali msewu.

M'lifupi isachepere mita 1.2. Pamwamba, pansi ndi pokhota pakhale pathyathyathya pa mita 1.5 mbali zonse, kuti munthu aime, atembenuke, atsegule geti njinga isakubwerera m'mbuyo. Ikatalika, popumira pasadutse mamita 9 aliwonse. Zogwirira mbali zonse ziwiri, pa masentimita 90 kuchokera pansi, chifukwa wa sitiroko amagwira ndi dzanja limodzi lokha, ndipo pobwerera dzanjalo limakhala mbali inayo. M'mphepete muikemo kamzere ka konkireti ka masentimita 10 kuti teyala kapena ndodo isaphonye.

Nanga kusalalitsa kuja nkwa chiyani? Amisiri athu amakonda kupukuta simenti ndi chitsulo mpaka iwale ngati pabalaza. Mvula ya Januwale ikagwa, amenewo ndi matereziwo. Konkireti ikadali yaiwisi, idutsitseni tsache lolimba mopingasa, basi, palibe ndi tambala yomwe yowonjezera. Chinanso, pomwe rampu yathera pasakhale dothi. Madzi amakokolola dothilo, pamatsala kamlomo ka simenti ka zala ziwiri, ndipo kamlomo kameneko nkokwanira kuimitsa timateyala takutsogolo, munthu nkugwa chafufumimba.

Tinene kuti munthu walowa. Wapeza chiyani? Njira ya mchenga kapena ya miyala ya kwale yongomwaza, yomwe timateyala timatitimiramo. Njerwa zoyala popanda kutsendera pansi, chaka chimodzi zayamba kale kuvina. Ngalande zosavindikira zodula njira, zomwe munthu wosaona amazizindikira mwendo uli kale m'kati. Njira ikhale yolimba, mita 1.8 m'lifupi kuti njinga ziwiri zipatukirane, yopendekera pang'ono chabe kuti madzi achoke, ndipo m'mbali mukhale mzere woti ndodo yoyera iziwutsata. Mabenchi akhale ndi kotsamira ndi poika mikono, apo ayi agogo akakhala sadzukanso okha. Akhalenso pamthunzi. Mnzathu wa khungu lachialubino sangakhale pa benchi la padzuwa, dzuwa limeneli kwa iye ndi khansa.

Zonsezi ndi tepi yoyezera ndi levulo. Kaya ndalama zinadyedwa, kaya kontrakitala sanauzidwe, zimenezo akambirane okha. Lamulo loteteza anthu aulumali linakhazikitsidwa mu 2012, lina nkulowa m'malo mwake mu 2024, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi aliwonse mmodzi ali ndi ulumali. Anthu onsewo simuwaona m'mapaki, osati chifukwa sakonda mphepo yabwino. Mwawatsekera kunja ndi simenti yanuyo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musanalipire kontrakitala, itanani munthu wa pa wilutcheya, a mabungwe oona za anthu aulumali monga FEDOMA kapena MACODA akupezerani, akwere yekha, atsike yekha, popanda womukankha. Akalephera, gumulani. Kapena bwana wosainira cheke akhale pa njingapo iyeyo, atsike tione ngati asaine.

Ndiye pali zimbudzi. Chitseko chili ndi chizindikiro cha wilutcheya, koma ndi chokhoma, kiyi ali ndi munthu amene "watuluka pang'ono." Akachitsegula mupezamo makolopa, zidebe, matumba a simenti ndi njinga ya mlonda. Chitseko chikuyenera kukhala masentimita 90 ndipo chizitsegukira kunja, kuti munthu akagwa m'katimo athe kumufikira. M'kati mukhale danga la mita 1.5 lotembenukira, ndi zitsulo zogwirira zomangidwa m'khoma ndi mabawuti, osati timapaipi topachikapo thaulo. Munthu amasiya kumwa madzi kuyambira m'mawa chifukwa akudziwa kuti kupakiko alibe kolowera, inu mwasungamo simenti.